Mafunso ndi mayankho: chiyambi cha Chisilamu ndi zomwe Asilamu timakhulupirira

Mafunso ali m'munsimu amamveka kawirikawiri anthu akayamba kucheza za Chisilamu, kaya pamaliro, kuntchito kapena kusukulu. Ena amachokera kwa anansi athu omwe amamva adhana, kuitanira anthu kumapemphero, m'bandakucha tsiku ndi tsiku koma sadapondemo mumzikiti. Ena amachokera kwa ana athu omwe, oti amaswali bwinobwino koma mbiri ya chipembedzo chawo sadaimve mwatsatanetsatane. Ndikuyankha ngati Msilamu. Pomwe nkhani ili ya chikhulupiriro ndinena kuti timakhulupirira, pomwe ili ya mbiri ndiika zaka zake.

Kodi Chisilamu chidayamba liti, ndipo chidayambira kuti?

Wolemba mbiri akuuzani kuti chidayamba m'chaka cha 610 mumzinda wa Makkah, kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Saudi Arabia, pomwe Muhammad mwana wa Abdullah (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adayamba kulandira uthenga. Yankholi ndi loona, koma Msilamu sakhutira nalo. Ife timakhulupirira kuti Muhammad sadabweretse chipembedzo chachilendo. Uthenga woti Mulungu ndi mmodzi, ndipo munthu adzipereke kwa Iye yekha, udayamba ndi Adam n'kudutsa mwa Nuh, Ibrahim, Musa ndi Isa, omwe abale athu achikhristu amawadziwa kuti Nowa, Abrahamu, Mose ndi Yesu. Muhammad ndiye wotsiriza mwa aneneriwo. Adadza kudzakumbutsa zomwe anthu adaziiwala kapena kuzipotoza.

Makkah adali malo otani m'masiku amenewo?

Chidali chigwa chouma pakati pa mapiri a miyala, kosalimika chilichonse. Anthu ankadalira chitsime cha Zamzam ndi malonda. Eni mzinda adali a fuko la Quraish, akatswiri a maulendo a ngamila, opita ku Yemen nyengo yozizira ndi ku Syria nyengo yotentha. Pakati pa mzindawo padali Kaaba, nyumba yomwe timakhulupirira kuti adamanga ndi Ibrahim ndi mwana wake Ismail kuti anthu azipembedzerapo Mulungu mmodzi. Pofika nthawi ya Muhammad, mabuku a mbiri amati pamalopo padali mafano 360. Mafuko ankabwera chaka ndi chaka kudzalambira, ndipo wodzalambira sabwera chimanjamanja. Ankagula, ankagulitsa, a Quraish n'kumalemera.

Boma kudalibe. Chitetezo cha munthu lidali fuko lake, moti wina akaphedwa abale ake ankalipsira, ndipo udani unkatha kudutsa mibadwo. Nanga wopanda fuko? Kapolo, mlendo, mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye adalibe kolowera. Ena ankafika pokwirira khanda lamoyo chifukwa labadwa lalikazi. Sikuti Aarabuwo adalibe zabwino ayi. Ankalemekeza alendo, ankasunga lonjezo, ndipo ndakatulo ankazikonda koopsa. Allah ankamudziwa, ankavomereza kuti ndiye Mlengi, koma ankati ali kutali ndipo njira yomufikira ndi mafano.

Muhammad adali munthu wotani asanapatsidwe utumiki?

Adabadwa cha m'ma 570 m'banja la Banu Hashim, nthambi yolemekezeka ya Quraish koma yosalemera kwenikweni. Bambo ake adamwalira iye ali m'mimba. Mayi ake, Amina, adamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Agogo ake, Abdul Muttalib, adangomulera zaka ziwiri nawonso n'kutisiya, ndipo mwanayo adatsalira m'manja mwa bambo ake aakulu, Abu Talib. Adaweta nkhosa ngati mnyamata wina aliyense wosauka, kenako n'kulowa m'malonda. Patapita zaka, Qur'an idadzamukumbutsa za ubwana umenewu, kuti Mbuye wake adamupeza ali wamasiye n'kumupatsa pokhala, choncho wamasiye asadzamupondereze.

Anthu a ku Makkah ankamutcha Al-Amin chifukwa cha kukhulupirika kwake. Mayi wina wamasiye wamalonda, Khadija bint Khuwaylid, adamutuma kukagulitsa katundu wake ku Syria, ndipo ataona khalidwe lake, ndi mayiyu amene adayambitsa nkhani ya ukwati. Muhammad adali ndi zaka 25. Adakhala awiriwiri, popanda mkazi wina, mpaka Khadija adamwalira.

Ali ndi zaka pafupifupi 35, a Quraish adamanganso Kaaba, ndipo padabuka mkangano woti ndi banja liti liike Mwala Wakuda, mwala wolemekezeka wa pangodya ya Kaaba, pamalo pake. Malupanga adatsala pang'ono kusololedwa. Atamupempha kuti aweruze, Muhammad adayala nsalu pansi, n'kuika mwalawo pakati, n'kuuza mtsogoleri wa banja lililonse kuti agwire nsonga. Adanyamulira limodzi, iye n'kuukhazika pamalo pake, mkangano n'kuthera pomwepo.

Chidachitika n'chiyani kuphanga la Hira?

Atayandikira zaka 40 adayamba kukonda kukhala payekha. Ankatenga kamba n'kukwera phiri lomwe lero limatchedwa Jabal al-Nur, kufupi ndi Makkah, n'kukabindikira masiku angapo m'kaphanga kopanikiza kotchedwa Hira. Usiku wina m'mwezi wa Ramadhan, m'chaka cha 610, mngelo Jibril adamudzera n'kumuuza kuti, "Werenga!" Iye adayankha kuti sadziwa kuwerenga. Mngeloyo adamufungatira mwamphamvu mpaka mpweya kutsala pang'ono kumuthera, n'kumusiya, n'kubwereza lamulo lija. Zidatero katatu. Kenako padatsika ndime zisanu zomwe lero zili kumayambiriro kwa sura (chaputala) 96 ya Qur'an, zomuuza kuti awerenge m'dzina la Mbuye wake amene adalenga, amene adaphunzitsa ndi cholembera, adaphunzitsa munthu zomwe sankazidziwa.

Zomwe zidatsatira ndi zimene zimandigwira mtima. Sadatsike phirilo akudziguguda pachifuwa. Adafika kunyumba akunjenjemera, n'kuuza Khadija kuti, "Ndifunditseni, ndifunditseni!" Mantha ataphwa adafotokoza zonse, n'kunena kuti akuopera moyo wake. Khadija adamuyankha kuti Allah sangachititse manyazi munthu wolumikiza chibale, wosenza ofooka, wothandiza osowa ndi wolandira alendo. Umboni wa mayiyu udali khalidwe la mwamuna yemwe adakhala naye m'nyumba imodzi zaka 15, ndipo mkazi ndiye amadziwa zomwe a kubwalo sadziwa. Adamutengera kwa m'bale wake Waraqa ibn Nawfal, nkhalamba yodziwa malemba a Akhristu. Iyeyu adati mngeloyo ndi yemwe adadza kwa Musa, n'kuchenjezeratu kuti anthu a mumzindawo adzamuthamangitsa.

Khadija ndiye adali woyamba kukhulupirira. Padatsatira Ali, mwana wa Abu Talib yemwe ankakulira m'nyumbamo, Zayd ibn Haritha, yemwe adali kapolo womasulidwa, ndi bwenzi lake la ponda apa m'pondepo, Abu Bakr.

Ngati ankamudziwa kuti ndi wokhulupirika, bwanji a kwawo adamukana?

Kwa zaka zitatu uthengawu unkayenda mwakachetechete. Utatulukira poyera cha m'ma 613, akuluakulu a Quraish adaona msanga komwe unkaloza. Mafano akagwa, malonda a odzalambira ali pachiswe. Kuvomereza kuti mafano ndi achabe kudali ngati kunena kuti makolo awo adasokera, ndipo kwa Mwarabu wa nthawi imeneyo chimenecho chidali chipongwe chachikulu. Koma chowawa koposa chidali ichi: ngati Mulungu ndi mmodzi ndipo aliyense adzaimirira yekha pamaso pake, ndiye kuti bwana ndi kapolo wake ali pamzere umodzi, ndipo wolemera adzafunsidwa za chuma cha mwana wamasiye chomwe adadya. Pano ndi pomwe pagona Chisilamu chonse. Zina zonse zomwe muwerenge m'munsimu zikutuluka m'mawu oti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah.

N'chifukwa chake ambiri mwa olowa moyambirira adali achinyamata, osauka ndi akapolo, ndipo mkwiyo udagwera iwowo. Bilal ibn Rabah, kapolo wa makolo ochokera ku Ethiopia, mbuye wake Umayya ibn Khalaf ankamugoneka chagada pamchenga dzuwa lili paliwombo, n'kumutsamiritsa chimwala pachifuwa kuti akane. Bilal ankangobwereza mawu amodzi: "Ahad, Ahad," kunena kuti Mulungu ndi mmodzi. Abu Bakr adamuwombola ndi chuma chake, ndipo Bilal yemweyo ndiye adadzakhala woyamba kuitanira anthu kuswala. Adhana yomwe imakudzutsani m'mawa idayamba kumveka pakamwa pa munthu wakuda yemwe adali kapolo. Woyamba kuphedwa chifukwa cha Chisilamu adalinso munthu wapansi, mayi Sumayya.

Kenako a Quraish adagwirizana kusala banja lonse la Banu Hashim, osagulitsana nalo kanthu, osakwatirana nalo, kwa zaka pafupifupi zitatu. Chilangochi chitangotha, cha m'ma 619, Khadija ndi Abu Talib adamwalira motsatizana. Chaka chimenecho timachitcha chaka cha chisoni. Mtumiki Muhammad adapita ku Taif kukafuna omumvera, koma adamugenda mpaka mapazi kuchucha magazi.

N'zoona kuti Asilamu oyamba adathawira ku Africa?

N'zoona. Cha m'ma 615, mazunzo atanyanya, Mtumiki adauza ena mwa omutsatira kuti awoloke Nyanja Yofiira kupita ku Habasha, dera la Ethiopia ndi Eritrea wa lero, chifukwa kumeneko kudali mfumu yosapondereza munthu. Mfumuyo, Najashi, idali Mkhristu. A Quraish adatumiza nthumwi ndi mphatso kuti othawawo abwezedwe, koma mfumu idafuna kumva mbali zonse. Jafar ibn Abi Talib adawerenga ndime za m'sura ya Maryam zonena za kubadwa kwa Yesu, ndipo mfumu idakana kuwapereka. Msilamu aliyense wonyoza Mkhristu azikumbukira kuti makolo athu m'chikhulupiriro adabisala kwa mfumu yachikhristu ya ku Africa.

Hijra n'chiyani, nanga bwanji kalendala yanu imayambira pamenepo?

Kumpoto kwa Makkah, pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, kudali mzinda wa minda ya tende wotchedwa Yathrib. Mafuko awiri a kumeneko, Aws ndi Khazraj, adatopa ndi kuphana, ndipo ankafuna munthu woti awayanjanitse. Ena mwa iwo adakumana ndi Mtumiki pamalo otchedwa Aqaba mu 621 ndi 622, adalowa Chisilamu, n'kulonjeza kumuteteza. Asilamu adayamba kuchoka ku Makkah pang'onopang'ono, kusiya nyumba ndi chuma.

Usiku womwe a Quraish adapangana zomupha, Ali adagona pamphasa pa Mtumiki. Adatsaliranso ntchito ina: kubweza katundu yemwe anthu a ku Makkah adasungitsa kwa Muhammad, pakuti ngakhale ankadana ndi uthenga wake, zinthu zawo za mtengo wapatali ankasungitsabe kwa iye. Mtumiki ndi Abu Bakr adabisala m'phanga la Thawr masiku atatu, n'kukafika ku Yathrib mu September 622. Mzindawo udayamba kutchedwa Madinah, ndipo msamukowu ndiwo timautcha Hijra.

Kumeneko Asilamu adasiya kukhala kagulu kozunzidwa n'kukhala mtundu wodziyendetsa. Adamanga mzikiti wa njerwa zosaotcha, mizati yake mathunthu a kanjedza, denga la masamba ake. Mtumiki adalumikiza ubale pakati pa osamuka, Muhajirun, ndi eni mudzi, Ansar, mpaka kugawana nyumba ndi minda. Padalembedwanso pangano lokhalira limodzi, lophatikizapo mafuko a Ayuda a mumzindawo, loti Ayuda ali ndi chipembedzo chawo ndipo Asilamu ali ndi chawo.

M'nthawi ya Khalifa Umar, mmodzi mwa olowa m'malo mwa Mtumiki pa utsogoleri, Maswahaba (anzake a Mtumiki omwe adamutsatira ali moyo) adasankha chaka cha msamukowu kukhala chiyambi cha kalendala, osati chaka chobadwa Mtumiki. Kalendalayi imatsata mwezi, ili ndi masiku pafupifupi 354, ndipo imaperewera masiku 11 poyerekeza ndi ya dzuwa. N'chifukwa chake Ramadhan imasunthasuntha, zaka zina kugwa m'chisanu cha June, zaka zina m'kutentha kwa October.

Anthu amati Chisilamu chidafalikira ndi lupanga. Mukutipo bwanji?

Funsoli silofunika kulizemba. Zaka 13 za ku Makkah Asilamu sadaloledwe kubwezera. Chilolezo chomenya nkhondo chidadza ali ku Madinah, ndipo ndime yake, m'sura 22, imati aloledwa chifukwa aponderezedwa ndi kutulutsidwa m'nyumba zawo. Imapitiriza kunena kuti Mulungu akadapanda kuletsa anthu ena kudzera mwa anzawo, bwenzi nyumba za amonke, matchalitchi, masunagoge ndi mizikiti zitagumulidwa.

Nkhondo zidachitikadi. Asilamu ankatchingira maulendo a malonda a Quraish, ndipo izi ndi zomwe zidabala nkhondo ya Badr mu 624, pomwe Asilamu pafupifupi 313 adagonjetsa gulu la anthu pafupifupi 1,000. Ku Uhud mu 625 zidawavuta: oponya mivi adachoka pamalo awo, Hamza, bambo aang'ono a Mtumiki, adaphedwa, ndipo Mtumiki adavulala kumaso. Mu 627 mafuko adazinga Madinah, koma adalephera kudumpha ngalande yomwe idakumbidwa potsata nzeru za Salman wa ku Persia. Ubale ndi mafuko atatu a Ayuda udasokonekera m'zaka zomwezi. Awiri adasamutsidwa, ndipo a Banu Qurayza, omwe adaimbidwa mlandu wophwanya pangano mzinda uli pakati pa adani, amuna awo adaphedwa, akazi ndi ana n'kutengedwa ukapolo. Nkhani imeneyi ili m'mabuku athu omwe, ndi yolemera, ndipo sitiyenera kuibisa.

Koma onaninso momwe nkhondoyo idathera. Mu 628 Mtumiki adavomera pangano la Hudaybiyya ngakhale Maswahaba ena ankaliona ngati lowatsitsa. Anzawo a Quraish ataliphwanya, adalowa mu Makkah mu 630 ndi anthu 10,000, pafupifupi popanda kukhetsa magazi. Anthu omwe adamuzunza zaka zonse zija adali m'manja mwake, ndipo kupatula owerengeka okha, adawakhululukira. Chomwe adaphwanya ndi mafano.

Pambuyo pake maufumu a Asilamu adakula ndi asilikali, monga ankakulira maufumu onse a nthawiyo. Koma kulanda dziko ndi kutembenuza mtima ndi zinthu ziwiri. Ku Egypt, Syria ndi Iraq anthu ambiri adakhalabe m'zipembedzo zawo kwa zaka mazana, akupereka msonkho wa jizya, ndipo Akhristu alipobe kumeneko mpaka lero. Olamulira ena adakakamizadi anthu, koma potero adaphwanya Qur'an, yomwe m'sura 2 imati palibe kukakamiza pa chipembedzo. Ku Indonesia ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa Chisilamu chidafika ndi amalonda ndi aphunzitsi.

Kodi Asilamu mumapembedza Muhammad?

Ayi ndithu. Timamukonda, timatsata njira yake, ndipo timamupempherera madalitso tikatchula dzina lake, koma iye ndi munthu, kapolo wa Allah ndi Mtumiki wake. Atamwalira ku Madinah mu June 632, miyezi yochepa atachita Hajj (ulendo wachipembedzo wa ku Makkah) yake yotsanzika, anthu adasokonezeka moti Umar ankakana kuti wamwalira. Abu Bakr adaimirira n'kunena kuti amene ankapembedza Muhammad adziwe kuti Muhammad wamwalira, koma amene ankapembedza Allah adziwe kuti Allah ndi wamoyo ndipo safa.

Allah ndi Mulungu wina, wa Aarabu okha?

Ayi. Akhristu olankhula Chiarabu nawonso akamapemphera amati Allah. Ndi Mlengi yemweyo wa Ibrahim ndi Musa. Kusiyana kuli pa momwe timamufotokozera. Sura 112, yomwe mwana aliyense wa kumadrasa amailoweza, ili ndi ndime zinayi zokha: Allah ndi mmodzi, zonse zimadalira Iye, sadabereke ndipo sadaberekedwe, palibe wofanana naye. Tchimo lalikulu koposa m'Chisilamu ndi shirk, kumuphatikiza ndi china chilichonse, kaya fano, mzimu, chithumwa kapena munthu. Ndipo pa Asilamu pafupifupi 2 biliyoni a padziko lapansi, Aarabu ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse.

Kupatula Mulungu mmodzi, Msilamu amakhulupiriranso chiyani?

Nsichi za chikhulupiriro zilipo zisanu ndi imodzi, ndipo yoyamba ndi yomwe tanenayi. Timakhulupirira angelo, monga Jibril wobweretsa chivumbulutso, ndi awiri omwe amalemba zochita za munthu aliyense. Timakhulupirira mabuku omwe Allah adatsitsa: Taurat kwa Musa, Zabur kwa Daud, Injil kwa Isa, ndi Qur'an. Timakhulupirira aneneri onse, ndipo Qur'an imatchula 25 ndi maina awo. Wokana mmodzi mwa iwo si Msilamu.

Timakhulupirira tsiku lomaliza, pomwe akufa adzaukitsidwa, zochita zawo n'kuyesedwa pasikelo, ena kupita ku Jannah, ena kumoto. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi chiphunzitso cha matchalitchi ambiri. Ife sitikhulupirira kuti mwana amabadwa ndi tchimo la Adam. Adam adalakwa, adalapa, adakhululukidwa. Palibe wosenza mtolo wa mnzake, ndipo wolapa safuna mkhalapakati.

Yotsiriza ndi qadar, chikonzero cha Allah, kuti palibe chochitika Iye osachidziwa ndi kuchilola. Ena amaimva molakwika n'kupinda manja. Munthu wina adafunsa Mtumiki ngati amangirire ngamila yake kapena angoisiya n'kudalira Allah, ndipo adayankhidwa kuti aimangirire kenako adalire Allah. Wodwala apite kuchipatala, mlimi alime. Qadar imagwira ntchito yake zikavuta, kuti mtima usasweke.

Nanga za Yesu mumati chiyani?

Timamulemekeza kwambiri. Timakhulupirira kuti adabadwa mwa namwali Maryam popanda bambo, kuti ndi Masih (Mesiya), kuti adachiritsa akhungu ndi akhate ndi kuukitsa akufa mwa chilolezo cha Allah, ndiponso kuti adzabweranso dziko lisanathe. Maryam ndi mkazi yekhayo wotchulidwa ndi dzina m'Qur'an, ndipo sura 19 yonse imadziwika ndi dzina lake. Pomwe timasiyana ndi Akhristu ndi pawiri: sitimutcha Mulungu kapena mwana wa Mulungu, ndipo timakhulupirira kuti sadaphedwe pamtanda koma Allah adamukweza kwa Iye. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo kunamizira kuti kulibe sikulemekeza mbali iliyonse.

Qur'an adalemba ndani?

Timakhulupirira kuti ndi mawu a Allah enieni, otsika pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 23. Ndime ikatsika, Mtumiki ankaiwerenga, Maswahaba n'kuiloweza, alembi n'kuilemba pazikopa, pamafupa a mapewa a ngamila, pamiyala yafulati ndi pamitsitsi ya masamba a kanjedza. Oloweza ambiri ataphedwa pankhondo ya Yamama, Umar adaumiriza Khalifa Abu Bakr kuti zonse zisonkhanitsidwe, ndipo ntchitoyo idapatsidwa kwa Zayd ibn Thabit. Zolembedwazo adadzazisunga Hafsa, mkazi wa Mtumiki. Cha m'ma 650 Khalifa Uthman adalamula kuti pakopedwe mabuku ofanana n'kutumizidwa kumizinda ikuluikulu, ena onse osiyana nawo n'kuotchedwa.

Ili ndi sura 114, ndipo imagawidwanso m'majuzu 30, zomwe zimathandiza kuimaliza m'mwezi wa Ramadhan. Poswali timaiwerenga m'Chiarabu. Ya m'Chichewa kapena m'Chiyao timaitenga ngati yotanthauzira, yothandiza kumva.

Mawu ndi zochita za Mtumiki mwini zili padera, m'mahadith. Akatswiri monga Bukhari, yemwe adamwalira mu 870, ndi Muslim, yemwe adamwalira mu 875, ankafufuza mzere wa anthu omwe adapatsirana hadith iliyonse kuti alekanitse zodalirika ndi zofooka. Qur'an imalamula kuswali, koma maswalidwe ake timawapeza m'mahadith.

Nsanamira zisanu za Chisilamu ndi ziti?

Yoyamba ndi Shahada, kuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah ndipo Muhammad ndi Mtumiki wake. Wonena mawuwa kuchokera pansi pa mtima walowa Chisilamu, palibenso mwambo wina wofunika.

Yachiwiri ndi Swala, kasanu patsiku: m'bandakucha, masana dzuwa litapendeka, madzulo, dzuwa litangolowa, ndi usiku. Zonse pamodzi ndi maraka 17, raka iliyonse kukhala chigawo cha kuimirira, kuwerama ndi kugunditsa chipumi pansi. Munthu amayamba wachita wudhu, kusamba m'manja, m'kamwa, m'mphuno, kumaso, mikono, kupaka madzi kumutu ndi kusambitsa mapazi. Mukadzasuzumira mumzikiti Lachisanu, mudzaone mizere. Mulibe mipando ya akuluakulu. Wofika msanga ndiye amakhala kutsogolo, phewa kugundana ndi phewa, wa kabaza pambali pa mwini sitolo, ndipo onse amagunditsa chipumi pansi nthawi imodzi.

Zakaat ndi gawo la osauka m'chuma cha wolemera. Amene ndalama kapena katundu wake wamalonda wafika mlingo wofanana ndi magalamu 85 a golide, n'kukhala nazo chaka chathunthu, amapereka 2.5 pa 100 iliyonse. Sura 9 imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, kuphatikizapo osauka, omira m'ngongole ndi apaulendo osowa thandizo. Zakaat si chifundo cha wopereka, ndi ngongole yake.

Swaumu ndi kusala m'mwezi wa Ramadhan, osadya, osamwa ngakhale dontho, osakhalira limodzi m'banja, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Timadzuka usiku kudya daku, madzulo n'kufuturu. Odwala ndi apaulendo amabweza masikuwo nthawi ina, ndipo amayi oyembekezera ndi oyamwitsa nawonso ali ndi chilolezo. Mwezi ukaoneka timasangalala pa Eid ul-Fitr.

Yachisanu ndi Hajj, ulendo wa ku Makkah kamodzi pamoyo kwa amene ali ndi mphamvu ndi ndalama zake. Amuna amavala nsalu ziwiri zoyera zosasoka, mfumu ndi mlimi osasiyanitsika. Amazungulira Kaaba kasanu ndi kawiri, amayenda pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa pokumbukira Hajar, mkazi wa Ibrahim, akufunira madzi mwana wake Ismail, ndipo amaima ku Arafat pa 9 m'mwezi wa Dhul Hijja.

Nsanamira si nyumba yonse. Woswali kasanu koma n'kumabera pasikelo, kapena kugona atakhuta mnansi wake ali ndi njala, waimika mizati popanda denga.

Mumapembedza Kaaba ndi mwala uja?

Ayi. Kaaba ndi koyang'ana poswali, kuti Asilamu onse alunjike kumodzi. Poyamba ankayang'ana ku Jerusalem, mpaka lamulo lidasintha patapita miyezi 16 kapena 17 chifikireni ku Madinah. Umar atafika pa Mwala Wakuda adanena poyera kuti akudziwa kuti ndi mwala chabe, wosapweteka ndi wosathandiza, ndipo akadapanda kuona Mtumiki akuupsompsona sakadaupsompsona.

Mtumiki atamwalira zidayenda bwanji, ndipo Asunni ndi Ashia adasiyana pati?

Kusiyanaku kudayambira pa funso la utsogoleri. Ambiri adasankha Abu Bakr, yemwe adalamulira kuyambira 632 mpaka 634 ndipo adalimbana ndi mafuko omwe adagalukira. Umar adatsatira mpaka 644, ndipo m'nthawi yake asilikali a Chisilamu adagonjetsa Aroma a kum'mawa ku Yarmouk mu 636, adagwetsa ufumu wa Persia, n'kutenga Jerusalem ndi Egypt. Uthman adaphedwa ndi ogalukira m'nyumba mwake mu 656. Ali adalowa m'malo pakati pa chipwirikiti, Asilamu adamenyana okhaokha, ndipo nayenso adaphedwa ku Kufa mu 661. Ulamuliro udapita kwa Muawiya ku Damascus n'kusanduka ufumu wa banja. Zimapweteka kuwerenga kuti mwa makhalifa anayi oyambawo, atatu adafa chophedwa.

Ena ankakhulupirira kuyambira pachiyambi kuti Mtumiki adasankha Ali, mwamuna wa mwana wake Fatima, ndipo utsogoleri uyenera kukhala m'banja lake. Amenewa ndiwo Ashia. Bala lidakula mu 680 pomwe Husayn, mdzukulu wa Mtumiki, adaphedwa ndi asilikali a Yazid, mwana wa Muawiya, ku Karbala pamodzi ndi abale ake, pa 10 m'mwezi wa Muharram. Imfa imeneyi Asunni nafenso imatiwawa. Lero Asunni ndi pakati pa 85 ndi 90 mwa Asilamu 100 alionse, ndipo Ashia ndi ochuluka ku Iran ndi Iraq. Onse ali ndi Allah mmodzi, Mtumiki mmodzi, Qur'an imodzi ndi Kaaba imodzi. Pa malamulo, Asunni amatsata imodzi mwa njira zinayi: Hanafi, Maliki, Shafi'i ndi Hanbali.

Kuno kwathu chidafika bwanji?

Chidadzera kugombe. Mizinda ya Aswahili monga Kilwa idali ndi mizikiti zaka mazana ambiri Azungu asanafike, ndipo njira za malonda zidalumikiza gombelo ndi nyanja yathu. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Kuyambira cha m'ma 1870 mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mataka adalowa Chisilamu, anthu awo n'kutsatira. Malonda a nthawi imeneyo adali a minyanga ndi akapolo, ndipo ena mwa odzitcha Asilamu adagulitsa anthu anzawo. Ichi ndi chilema m'mbiri yathu, ndipo chikutsutsana ndi zomwe Abu Bakr adachitira Bilal.

Amene adazamitsa chipembedzochi m'midzi adali aphunzitsi, monga Shehe Abdallah Mkwanda, yemwe adakaphunzira kugombe, ndi wophunzira wake Shehe Thabit Ngaunje, omwe ankayenda m'madera a m'mbali mwa nyanja kuphunzitsa Qur'an ndi kusula amwalimu. N'chifukwa chake Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata njira ya Shafi'i, monga anzathu a ku Zanzibar ndi kumpoto kwa Mozambique. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 mwa Amalawi 100 alionse, ochuluka m'maboma a Mangochi, Machinga, Balaka, Salima, Nkhotakota ndi Zomba.